Iwo ali ndi setilaiti, matope tiponda ndife

Mtsikana wina wophunzira sayansi kuno ku Mzuzu wanditumizira imelo. Akuti: "Ndikufuna kuchita kafukufuku limodzi ndi achinyamata akunja pa timakina toyeza chinyezi, kutentha ndi madzi. Labu yathu ilibe zida, ine ndalama ndilibe. Andilandira bwanji?"

Achemwali, musadzichepetse chonchi. Tengani Sentinel-2, masetilaiti a European Space Agency. Amajambula dziko lino masiku 5 aliwonse, zithunzi zake n'zaulere, ndipo kadontho kamodzi pachithunzi ndi mamita 10 m'litali ndi m'lifupi. Mnyamata wa ku Delft, ku Netherlands, akhoza kuona Chikangawa yense ali chigonere. Koma chobiriwira akuchionacho ndi paini, bulugamu, kapena tchire lomera pomwe panapsa? Sangadziwe. Nanga mitambo ya kuno, yoti ikaphimba Viphya chithunzi chonse chimangoti mbuu! Pamafunika munthu wopita komweko, nsapato zithe ndi matope, ajambule mtengowo, alembe malo ake ndi GPS. Munthuyo ndinu, ndipo popanda inu mapu awo ndi kungolota.

Chimodzimodzi timakina tokwirira m'dothi. Pali kena kotchedwa Chameleon, kopangidwa ndi a CSIRO, bungwe la kafukufuku la ku Australia: nyale ya buluu dothi lanyowa, yobiriwira lili pakatikati, yofiira lauma. Alimi a mthirira kuno ku Malawi akugwiritsa ntchito. Koma woona kuti chiswe kapena mbewa zadya waya ndi amene amafika m'dimbamo m'mawa uliwonse.

Khomo lina ndi African Drone and Data Academy, sukulu yophunzitsa za madroni ndi deta, yomwe UNICEF ndi yunivesite ya Virginia Tech ya ku America adatsegula ku Lilongwe mu 2020. Muzisuzumira akalengeza malo.

Tsono chenjezo, pakuti ine zinandionekera. Ndinakwera kabaza miyezi ingapo kukasintha mabatire a timakina ta gulu lina lakunja, m'chisanu cha June, zala zitauma gwa. Pepala la kafukufuku litatuluka, dzina langa linali kumapeto, pa mawu othokoza, pafupi ndi dalaivala. Musanakwirire kamakina ngakhale kamodzi, gwirizanani molemba: deta isungidwa ndi yani, dzina lanu likhala pati, zida zitsala kwa yani pulojekiti ikatha, bandulo ndi thiransipoti alipira ndani. Musachite manyazi, iwo zotere amakambirana tsiku lililonse.

Imelo yoyamba ikhale yaifupi. Tchulani pepala lawo lomwe mwawerenga, ikanipo chithunzi chimodzi cha malo anu ndi manambala a GPS, ndi funso limodzi loti iwo sangaliyankhe ali kwawo.