Za kusewera pa Gary Player ku Sun City: ndalamayo ndi yoyenera?

Achimwene, mwanena kuti mukupita ku Sun City, ku South Africa, ndi banja pa tchuthi cha Disembala, mumasewera gofu ku Lilongwe Golf Club, handicap yanu (nambala yoyeza luso la wosewera, ikachepa ndiye kuti ndi katswiri) ili cha m'ma 20, ndipo mtengo wosewera pa Gary Player Country Club, bwalo lopangidwa ndi katswiri wa gofu Gary Player, wakuimitsani mutu. Mwafunsa ngati bwaloli ndi loyeneradi ndalamayo kapena munthu amangolipirira dzina. Ine ndikuti lipirani, sewerani kamodzi. Koma pali zinthu zofunika kukonzeratu, chifukwa mukangofika masana dzuwa lili pamutu n'kukaima pa tee yakumbuyo (tee ndi poyambira kumenya mpira pa dzenje lililonse), ndalama ija idzakuwawani mpaka Januwale.

Chimene mumalipira kwenikweni ndi ma green, malo a udzu wosalala ozungulira dzenje. Dera lija ndi lotentha, lathengo, kumphepete kwa nkhalango ya nyama ya Pilanesberg, koma ma green ake ndi a udzu wa bent, umene umakonda kozizira. Kuti udzu wotere ukhale moyo kumeneko pamafunika madzi ochuluka ndi anthu ouyang'anira tsiku lililonse, ndiye mtengo sungafanane ndi wa kalabu ya kwathu. Mukagunda putt yoyamba, kugubuduza mpira pa green kulowera kudzenje, mudzamva nokha kusiyana kwake. Mpira sudumphadumpha, umangotsetsereka kutsata mzere umene mwaupatsa, ndipo umathamanga kwambiri. Kagundidwe kamene ku Lilongwe kamasiya mpira pakamwa pa dzenje, kuno kamaupititsa mamita awiri. Komanso ma green ake si ozungulira bwino, ali ndi timakona tobisala kuseri kwa bunker (maenje a mchenga), moti mbendera ikaikidwa pakona yotere, wanzeru amaloza pakati n'kuvomera ma putt awiri.

Kwina konseko ndi udzu wa kikuyu, ndipo apa ndi pamene anthu a handicap ngati yanu amalirira. Pa fairway, njira yometedwa yochokera pa tee kukafika pa green, kikuyu ndi wokoma mtima, mpira umakhala pamwamba podikira ndodo. Mukangophonya pang'ono n'kulowa muudzu wautali, mpira umamira, mumangoona kadontho koyera. Udzuwo umakola ndodo n'kuipotoza. Ambiri amatulutsa 5 iron, ndodo yomenyera patali, poganiza kuti afika pa green, mpira n'kungoyenda mamita makumi atatu. Tengani wedge, ndodo yokweza mpira m'mwamba, bwezerani mpira pa fairway, pitirizani. Pafupi ndi green musayese kugubuduza mpira kudutsa pa kikuyu monga timachitira kwathu mu Seputembala nthaka ikauma gwa. Kuno mpira ukagwera pa kikuyu umaima pomwepo. Uyenera kuuluka mpaka ukagwere pa green penipeni.

Nkhani ya tee ndiyo ndikuigogomezera kwambiri. Kuchokera kumbuyo bwaloli limapitirira mamita 7,000, ndipo linatalikitsidwa chifukwa cha akatswiri a mpikisano wa Nedbank Golf Challenge, osati inu ndi ine. Ndaonapo abale akukakamira tee yakumbuyo akuti akufuna kulawa zimene akatswiri amalawa. Pofika dzenje lachisanu ndi chitatu, par 4 (dzenje loyenera kumalizidwa pomenya kanayi) yovuta ija imene kamtsinje kamadula fairway, anali atataya mipira yambiri, nkhope zagwa, gulu lakumbuyo likuwadikira. Munthu wotere akabwera n'kunena kuti bwaloli ndi lodula pachabe, ine sindimutsutsa, koma anadzibera yekha. Imani pa tee yapatsogolo kapena yapakati. Madzi, mchenga ndi ma green ndi omwewo, kungoti mumakhala ndi mpata wofika pa green ndi ndodo imene mumaidalira. Chabwino china kwa inu n'chakuti Sun City ili pamtunda wofanana pang'ono ndi wa Lilongwe, choncho mpira udzauluka monga munazolowerera. Anzathu a ku Johannesburg, kumene kuli kokwera kwambiri, ndi amene amadabwa mpira ukugwera pafupi.

Tengani caddie, wonyamula ndodo zanu n'kumakulangizani, ndipo ndalama yake musaione ngati yowonjezera. Bwaloli linapangidwa kuti munthu aziliyenda wapansi, caddie ali pambali, ndipo amene amagwira ntchito kumeneko amadziwa ma green aja kuposa maso anu. Mudzaona putt ikuoneka ngati ikhotera kumanja, iye n'kukuuzani kuti lozani kumanja komweko chifukwa ikhotera kumanzere. Mverani. Akakupatsani 7 iron inu mukufuna 8, landirani 7. Pa dzenje lachisanu ndi chinayi, par 5 imene green yake yazunguliridwa ndi madzi, mtima udzakuuzani kuti muyese kuwoloka pa kumenya kwachiwiri. Caddie adzakuuzani kuti muike mpira pamtunda, mutsale ndi mamita 90 kapena 100, kenako muwoloke ndi wedge. Mukatero n'kuona mpira wanu ukutera pachilumba paja, ndalama ija simudzaikumbukanso. Pamapeto mupatseni kangachepe kooneka pamwamba pa mtengo woikika, pamanja pake. Munthu wasenza chikwama chanu makilomita oposa asanu ndi awiri padzuwa la Disembala. Zimandipweteka kuona munthu amene walipira green fee (ndalama yosewerera pabwalo) yaikulu osanyinyirika akuyamba kuwerengetsera makobidi pa caddie.

Mbiri ya malowa nayo ili mu mtengowo, ndipo apa mudzifunse nokha ngati ikukukhudzani. Bwaloli linatsegulidwa mu 1979 pamodzi ndi Sun City yomwe, imene anaimanga Sol Kerzner m'dera limene nthawi ya tsankho linkatchedwa Bophuthatswana. Mu 1981 kunayamba mpikisano wa Million Dollar Challenge, umene pano umatchedwa Nedbank Golf Challenge, osewera asanu okha, ndipo Johnny Miller anagonjetsa Seve Ballesteros pa maenje owonjezera n'kutenga theka la miliyoni ya madola. Nick Price wa ku Zimbabwe anapambana katatu, ndipo mu 1998 anagonjetsa Tiger Woods pa maenje owonjezera pabwalo lomweli. Ernie Els nayenso katatu, Lee Westwood katatu. Ngati munakhalapo pa TV kumapeto kwa chaka mukuonera anthu amenewa akumenya mpira kudutsa pamadzi kupita pa green ya 18, kuima pamalo omwewo ndi ndodo m'manja kudzakugwirani mtima. Ngati mayinawa sakukuuzani kanthu, ndiye kuti gawo lina la ndalamayo mukulipirira chinthu chimene simudzachilawa.

N'chifukwa chake ndikutchulanso Lost City, bwalo lachiwiri la pa Sun City pomwepo, lopangidwa ndi Gary Player yemweyo, lotsegulidwa mu 1993. Kumeneko mumayenda pa kagalimoto, fairway zake n'zotakasuka, ndipo mukaima pamalo okwera mumaona mapiri ndi thengo kutali. Dzenje la 13 ndi par 3 imene mumamenya kudutsa pamwamba pa dziwe lokhala ndi ng'ona zenizeni. Mpira ukagweramo ndi wawo. Kwa munthu wa handicap ya 20 amene akufuna kusangalala n'kubwerera ku banja ali ndi mphamvu, Lost City imabweza zambiri pa ndalama yake. Koma pa gofu yeniyeni, yoyesa munthu ndodo iliyonse m'chikwama, Gary Player ili patsogolo. Mukanakhala ndi ndalama ya bwalo limodzi lokha ndipo gofu ili m'magazi, ine ndikanakutumizani ku Gary Player. Mukakhala kuti mwana wanu wamkulu kapena alamu akufuna kusewera nawo koma sanazolowere, pitani ku Lost City, musawazunze.

Tsopano za Disembala. Mpikisano wa Nedbank umachitika chakumapeto kwa chaka, mu Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, ndipo bwalo limatsekedwa kwa alendo pa nthawi yokonzekera ndi ya mpikisanowo. Imbani foni musanagule chilichonse. Masiku anu akagwera mpikisano utangotha, mwachita mwayi, chifukwa bwalo limakhala pachimake, ngakhale udzu wa m'mbali umakhala utasiyidwa wautali dala. Funsaninso ngati ma green abooledwa posachedwa. Mabwalo onse amaboola ma green n'kuthira mchenga nthawi zina kuti udzu upume, ndipo kulipira mtengo wonse pa green yodzaza timabowo ndiko kutaya ndalama kwenikweni. Akakuuzani kuti aboola sabata yomweyo, sinthani tsiku kapena pitani bwalo linalo.

Pemphani nthawi ya m'mawa kwambiri. M'chilimwe cha kumeneko kutentha kumafika msanga, ndipo masana mitambo imasonkhana, mphezi n'kuyamba. Sairini ikalira aliyense amachoka pabwalo, palibe kukambirana, ndipo mukhoza kutsala ndi maenje asanu osasewera. Funsiranitu kuti amatani ndi ndalama yanu zikatero. Mukayamba m'mawa mudzamaliza nthawi ya nkhomaliro, ana akadali kosambira ku Valley of Waves, inu n'kukawapeza osamva kuti mwawalanda tsiku lonse. Madzi akumwa ndi chipewa musaiwale, ndipo chakudya musasiye poyera pachikwama kapena pa kagalimoto, apusi ndi anyani a kumeneko sachedwa.

Powerengera ndalama musayang'ane green fee yokha. Onjezani caddie ndi kangachepe kake, chakudya cha pa halfway house, malo opumulirapo, mukamaliza maenje asanu ndi anayi, chifukwa ku South Africa gulu lililonse limaima pamenepo, ndiponso mipira. Mipira gulani musanafike, yokwanira, ndipo isakhale yodula. Ngati simunyamula ndodo zanu kuchokera ku Lilongwe, kubwereka nako n'kolipira, koma yerekezani ndi zimene ndege idzakulipiritseni pa chikwamacho. Ine ndimakonda ndodo zanga chifukwa pabwalo lovuta sindifuna kuyambanso kuphunzira driver yachilendo. Ogona m'mahotela a mkati mwa Sun City amalipira green fee yotsikirapo kusiyana ndi obwera tsiku limodzi, amenenso amalipira pachipata, choncho ngati mukugona mkati nenani zimenezo posungitsa malo. Tengani umboni wa handicap yanu kuchokera ku kalabu, ndipo sungitsani malo panopa, chifukwa nthawi za m'mawa za Disembala zimatha msanga.