Yankho kwa amalume pa za laputopu ya gemu ya ndege

Amalume, mwaswera bwanji? Funso lanu ndaliona pagulupu, koma zoti ndilembe zonsezi chala chingatope, ndiye ndingolankhula basi. Mwati mukufuna kumugulira msuweni wanga laputopu yoti aziseweretsa magemu oyendetsa ndege, ndipo mwaona ina yopyapyala, yolembedwa i7, RAM yake (memory imene kompyuta imasungamo zomwe ikuchita panthawiyo) 8 GB. Aaa, imeneyo isiyeni amalume. Yolemberapo makalata ndi kuonerapo mafilimu ili bwinobwino, koma ya ndege ayi.

Mumufunse kaye mnyamatayo kuti gemu yake ndi iti. Ambiri akamati gemu ya ndege amakhala akunena Microsoft Flight Simulator, ndipo ilipo ya 2020, ilipo ya 2024. Ya 2024 yo eni ake ananena okha kuti RAM isachepere 16 GB, ndipo kuti iyende mosatsimphina pamafunika 32. Ndiye mwaona, ya 8 ija yagwa kale musanaiyatse n'komwe. Komanso gemu imeneyi pa MacBook siyenda. Ngati mtima wake uli pa Mac, yake ndi X-Plane 12, imene imayenda pa Windows, pa Mac ndi pa Linux pomwe.

Tsopano za i7 zija, dzina la purosesa ya Intel, ubongo wa kompyuta. Wogulitsa amathamangira kuloza kachikwangwani kameneko chifukwa amadziwa kuti ndi komwe tonse timakadziwa. Koma ma i7 ndi ambirimbiri. M'malaputopu opyapyala nthawi zambiri amaikamo purosesa imene nambala yake imathera ndi U, yopangidwa kuti izidya magetsi pang'ono, mawati ngati 15, kuti batire lizikhalitsa. Inu mufune yothera ndi H kapena HX, kaya ndi ya Intel kaya ya AMD Ryzen. Gemu ya ndege imaikhetsa thukuta purosesa: mphepo, mitambo, ndege zina zili mlengalengamo, mamita onse a kutsogolo kwa woyendetsa, zonsezo iziwerengera nthawi imodzi.

Koma pamene pagona nkhani ndi pa graphics card, khadi imene imajambula zithunzi zooneka pa sikirini. Ikhale yapayokha, osati ija yokhala mkati mwa purosesa. Ine ndinganene kuti yambirani pa NVIDIA RTX 4060 kupita m'mwamba, chifukwa memory yake ndi 8 GB. Ya 4050 ili ndi 6 GB, ndipo mwana akamakatera pabwalo lalikulu ngati Heathrow ku London, pomwe pali ndege ndi nyumba mbwee, memory imadzaza, chithunzi n'kuyamba kudukaduka pa nthawi yeniyeni yoti matayala agunde pansi. Zimapweteka mtima zimenezo.

Ndiye mumvetsetse apa amalume, chifukwa ambiri amapusitsidwa pomwepa. Malaputopu awiri akhoza kulembedwa RTX 4060 onse, koma mphamvu zake n'kukhala zosiyana kutalitali. NVIDIA inalola opanga malaputopu kuti khadi imeneyi aziipatsa magetsi kuyambira mawati 35 mpaka 115. Wopanga yopyapyala amaipatsa ochepa poopa kutentha, wopanga yonenepa amaipatsa ambiri. Dzina limodzi, liwiro losiyana. Nambala imeneyi amaitcha TGP. Muifunse, ndipo wogulitsa akayamba kukanda kumutu, mulowetse nambala ya modelo pa intaneti muone nokha. Ine wopanga akaibisa nambala imeneyi ndimayamba kale kukayikira.

Kutentha nakonso si nkhani yaing'ono. Magemuwa sakhala a mphindi khumi ayi. Mwana akati anyamuke ku London kupita ku New York, ndi maola 7 kapena 8 enieni, makina akugwira ntchito osapuma. Laputopu ikatentha kwambiri imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Choncho muitembenuze, muone kunsi, m'mbali ndi kumbuyo ngati kuli mipata yambiri yotulutsira mpweya. Ikhale yolemera, ya mafani awiri, chaja yake ngati njerwa. Idzasokosa, zimenezo muzolowere, mumugulire mahedifoni. Za batire musavutike kufunsa, chifukwa ikangochotsedwa kumagetsi mphamvu zimatsika, gemuyi amasewera chaja ili chilumikizire. Ndipo mumuuze kuti asamaiike pabedi, bulangete limatseka mipata ija.

Pa sikirini ndi pomwe mungapulumutse ndalama. Akakuuzani za 240 Hz kaya 4K, mungoti zikomo. 240 Hz yo, kutanthauza sikirini yosintha chithunzi ka 240 pa sekondi, ndi ya magemu owomberana. Ndege imayenda mwaulemu, zithunzi 30 kapena 40 pa sekondi zimakwana. Chofunika n'choti sikirini ikhale yokulirapo, mainchesi 16, chifukwa manambala a pamamita aja ndi ang'onoang'ono, amatopetsa maso.

SSD, mosungira magemu ndi mafayilo, ikhale 1 TB. Flight Simulator ya 2020 yokha imafuna 150 GB, ndipo akayamba kuwonjezera ndege ndi mabwalo, malo amatha osadziwa. Ya 2024 imatenga malo ochepa, ngati 50 GB, koma n'chifukwa choti mapiri, mizinda, zambiri imazikoka pa intaneti uku akusewera. Eni ake amati intaneti isachepere 10 Mbps, ndipo yabwino ndi 50. Ngati intaneti yanu imabwera n'kumapita, ndi bwino X-Plane 12, imeneyo dziko lake limakhala mu kompyuta momwemo.

Eya, ndisaiwale. Mufunse ngati RAM yake ili yochotseka. Ena amaiwotcherera pabolodi, ukagula 16 ndiye kuti ndi 16 mpaka kalekale. Ikakhala ya masiloti awiri mutha kuyamba ndi 16, n'kudzawonjezera patsogolo. Muwerengenso mabowo a USB. Pa kiyibodi ndege siyendetseka bwino, adzafuna joystick yowongolera ndege, kenako throttle yowonjezera ndi kuchepetsa mphamvu ya injini, kenako mapedulo, atatu akwana kale mbewa isanalowe.

Ndipo kunena zoona amalume, ngati makinawa azingokhala patebulo m'chipinda mwake osapita nawo kusukulu, kompyuta ya padesiki ingakuchitireni bwino kuposa laputopu pa ndalama zomwezo, komanso khadi yake imasinthika ikakalamba. Musanagule chilichonse, ayambe wayesa X-Plane 12, ili ndi demo yaulere, tione ngati chidwicho chili chenicheni kapena ndi cha sabata imodzi. Mukapeza ina yoti yakusangalatsani, mujambule nambala ya modelo yonse, ija ili kunsi kwake kapena pakatoni, munditumizire ndiione musanapereke ndalama. Moni kwa azakhali.