Musanagule Kamera, Kaoneni Kaye Mmene Dzuwa Likugwera Pankhope

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina wa ku Zomba. Ndaifupikitsa, koma mfundo yake ndi iyi: "Ndimakonda kujambula zithunzi ndipo anzanga amati ndili ndi diso. Panopa ndili ndi foni ya Tecno basi. Ndasunga kandalama kuchokera ku geni yanga ya zitenje. Kodi ndigule kamera kaye, kapena ndikalipire sukulu yojambula? Cholinga changa n'choti tsiku lina ndizijambula zinkhoswe ndi maukwati."

Achemwali, zikomo pondikhulupirira. Yankho langa mwina silikukomerani: ndalamayo isungeni kaye miyezi itatu, muyambe ndi foni yomweyo.

Ndikunena izi chifukwa ine ndinayambira kumchira. Ndinagula kamera ndisanadziwe kanthu, ndipo pasanathe mwezi msuweni wanga anandipatsa ntchito yojambula chinkhoswe chake. Unali mwezi wa October, mwambo unayamba cha m'ma 11, pabwalo popanda ngakhale kamtengo. Ndinkangotabwanya batani, kamera ili lende m'khosi, ndikudziona ngati katakwe. Madzulo nditaika zithunzizo pa kompyuta, thukuta linatuluka. Nkhope za anthu zinali bii, m'maso muli ngati maenje, malaya oyera a mkwati ali mbee osaonekanso mabatani. Chithunzi chimene banjalo linapachika pakhoma mpaka lero anajambula ndi kamnyamata kena pa foni, akwati atakhala pakhonde akupuma. Kamnyamatako sikankadziwa chimene kanachita, koma ine ndinachiona: pakhonde paja kuwala kunali kofewa.

Ndiye phunziro loyamba, ndipo kwa ine ndi lalikulu kuposa onse, ndi kuwala. Kuno kwathu tili pafupi ndi equator, choncho kuyambira cha m'ma 10 mpaka 3 koloko dzuwa limakhala paliwombo. Likamawomba kuchokera pamwamba, chipumi ndi mphuno zimanyezimira, pamene maso amabisala mu mthunzi wa nsidze. Kuwala kokoma, kofiirira kuja, kumabwera m'mamawa dzuwa likangotuluka ndi madzulo likamapendeka, koma sikukhalitsa. Mukamaonera mavidiyo a azungu a ku Ulaya akujambula 8 koloko madzulo kukadali kowala, musanamizike. Kuno cha m'ma 6 koloko dzuwa limakhala likulowa kapena lalowa kale, chaka chonse, ndipo mukachedwa ndi kudzola zodzoladzola mupeza dzuwa lalowa.

Chitani izi Loweruka likubwerali. Pezani munthu mmodzi wopirira, kaya mng'ono wanu kaya agogo, mumuimike pamalo amodzimodzi panja. Mujambuleni 6 koloko m'mawa, kenako 9, 12, 4 koloko, ndi hafu pasiti 5. Usiku muziyang'ane zithunzi zisanuzo mondondozana. Musayang'ane ngati wamwetulira bwino ayi. Yang'anani kumene mthunzi wa mphuno wagwera, ndiponso ngati m'maso muli kakuwala kakang'ono kaja kamene kamachititsa munthu kuoneka wamoyo. Tsiku lotsatira mumuike pakhonde masana, chakumphepete kwa mthunzi, nkhope italoza kunja. Kenako pakhomo la nyumba, inu mutaima panja. Kenako pafupi ndi windo, kuwala kukuchokera m'mbali. Mudzadabwa kuti foni yomweyo ikutulutsa anthu osiyanasiyana. Mthunzi wa mango ndi wabwino chifukwa ndi wothithikana, koma chenjerani ndi mitengo ya masamba apatalipatali, imasiya mawangamawanga pankhope ngati munthu wadwala chikuku.

Palinso nkhani ya khungu lathu, imene aphunzitsi ambiri a pa intaneti saitchula. Kamera ikamayeza kuwala imafuna kuti chithunzi chonse chikhale pakatikati, chisade kwambiri, chisayere kwambiri. Ndiye mkwatibwi wakuda bwino akavala diresi loyera, kamera imaona kuyera kwa diresilo n'kuchepetsa kuwala, nkhope n'kumira. Vutoli ndi lakale. Kampani ya Kodak kwa zaka zambiri inkapatsa otsuka zithunzi khadi loyezera mitundu, lotchedwa Shirley card, lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, moti makina ankatcheredwa motsatira khungu loyera. Makamera a masiku ano asintha, komabe musawasiyire chiweruzo. Pa foni, gwirani pankhope ya munthuyo pa sikirini, kenako kwezani pang'ono kachizindikiro ka dzuwa kamene kamatulukako, mpaka khungu lioneke mmene mukulionera ndi maso anu. Mukakweza mopitirira, diresi lipsa. Kupeza pakati pa ziwirizi ndiye ntchito imene mudzalipidwire.

Mukafuna kuona zimene munthu angachite ndi dzuwa lokha, fufuzani zithunzi za Seydou Keïta wa ku Bamako, m'dziko la Mali. Anayamba ndi kakamera ka Kodak Brownie kamene anapatsidwa ndi wachibale wake mu 1935, ndipo mu 1948 anatsegula situdiyo yake. Anthu ambiri ankawajambulira pabwalo la nyumba, kumbuyo atapachika nsalu ya maluwamaluwa, ndipo pofuna kusunga filimu ankajambula kamodzi kokha pa munthu aliyense. Kamodzi! Yang'anitsitsani mmene ankaikira manja a anthu, mmene nsalu ya kumbuyo ikugwirizanirana ndi chovala. Inu amene mumagulitsa zitenje muli kale ndi situdiyo m'chikwama.

Za kakonzedwe ka chithunzi sinditaya nthawi, mudzazitola msanga. Pukutani galasi la foni musanajambule, chifukwa zithunzi zambiri za chimbuuzi vuto lake ndi mafuta a m'manja. Musakoke zoom ndi zala, yendani ndi miyendo kufika pafupi. Mwana mujambuleni mutanyonyomala. Ndipo musanadine, yendetsani diso m'makona onse anayi: chidebe cha zinyalala, zovala zoyanika, pholo la magetsi lomera pamutu pa abusa. Kusuntha phazi limodzi kumachotsa zonsezo.

Chovuta ndi kusankha. Mukajambula zithunzi 50, sankhanipo zitatu, zotsalazo muzifunse chimene chalakwika musanazifufute. Zitatuzo musathamangire nazo pa Facebook, kumene aliyense adzalemba kuti "zabooo" ngakhale mutu wadulidwa. Kazionetseni kwa munthu amene sakuopani. Chimodzi kachitsukitseni pa pepala mwezi uliwonse, chifukwa pepala silibisa kanthu: chimene chinkaoneka chakuthwa pa kasikirini ka foni mudzachipeza chili mbuu. Pokonza zithunzi, pulogalamu ya pa foni yotchedwa Snapseed ndi yaulere ndipo ikukwanirani. Koma chonde, musayeretse anthu khungu mpaka amayi awo osawazindikira.

Miyezi itatu ikatha mukadali ndi chidwi, mudzayamba kukwiya ndi foni pa zifukwa zenizeni: ana ovina akutuluka ngati mizukwa, m'tchalitchi zithunzi zili mchengamchenga, kumbuyo kwa munthu kukukana kufewa. Pamenepo ndiye pogula kamera, chifukwa mukudziwa chimene mukuifunira. Musalimbane ndi yatsopano. Nikon D3200, yomwe inatuluka mu 2012, kapena Canon 600D ya 2011, zogwiritsidwapo kale ntchito, zimajambula ukwati bwinobwino. Ndalama yotsala muike pa lenzi ya 50mm f/1.8, yomwe ndi yotchipa koma imalowetsa kuwala kochuluka. Pa makamera awiriwa 50mm imapanikiza m'chipinda chaching'ono, ndiye ngati muzijambula kwambiri m'nyumba, 35mm ndi yabwinopo. Mukasankha D3200 onetsetsani kuti lenziyo yalembedwa AF-S, apo ayi muzichita kupotokola nokha kuti chithunzi chithwe.

Pogula kumbukirani chikomekome cha mkuyu. Funsani shutter count, kutanthauza kuti kamerayo yajambulapo kangati. Chotsani lenzi muiunike ndi tochi ya foni: mukaona tinthu ngati ulusi wa kangaude m'kati, ndi nkhungu imeneyo, imamera lenzi ikasungidwa pachinyezi nthawi ya dzinja, isiyeni. Jambulani khoma loyera pa f/16, kutanthauza bowo lolowera kuwala litachepetsedwa kwambiri, muone ngati pachithunzipo pali madontho a fumbi la m'kamera. Wogulitsa akamakufulumizitsani, nyamukani.

Manambala a pa kamera amaopsa poyamba, koma ndi atatu okha. Aperture ndi kukula kwa bowo lolowera kuwala: f/1.8 ndi lotseguka kwambiri ndipo limafewetsa kumbuyo, labwino pa munthu mmodzi, koma gulu la mizere itatu likufuna f/5.6 kapena f/8, apo ayi akumbuyo onse asowa nkhope. Shutter speed ndi nthawi imene kachitseko ka m'kamera kamakhala kotsegula: 1/125 ya sekondi pa munthu woima, 1/500 kapena kuposa pa operekeza akwati akamadula sitepe. ISO ndi mmene kamera imamvera kuwala: ikhale 100 panja, m'tchalitchi chamdima musaope 1600 kapena 3200, chifukwa chithunzi cha mchenga pang'ono chimaposa chogwedera. Pa kagudumu ka pamwamba pa kamera, yambani pa A, kapena Av ngati ndi Canon: inu muzisankha bowo, kamera izisankha liwiro. Anthu ena amanyoza kuti wojambula weniweni amagwiritsa M yekha, pamene munthu amadzisankhira zonse. Asiyeni, mkwatibwi sadzakufunsani zimenezo.

Tsono za sukulu. Ngati ilipo yoti wophunzira aliyense amagwira kamera m'manja ndipo mphunzitsi amakhala pansi n'kudzudzula zithunzi zanu chimodzichimodzi, ndalama yake siyotaya. Ngati ndi yongokopera manotsi pa bolodi, bola bandulo ya usiku ndi YouTube. Koma poti mukufuna maukwati, sukulu yeniyeni ndi kunyamula chikwama cha wojambula amene ali kale pa ntchitoyi. Mupempheni mwaulemu, ngakhale akupatseni ya thiransipoti yokha. Kumeneko ndi kumene mudzaphunzire poima nthawi ya perekaniperekani kuti musatchingire anthu koma ndalama zikuuluka muzigwire, nthawi imene ankhoswe amasinthana mphatso, kuti azakhali aakulu akasowa pa chithunzi cha banja mlandu wake sutha, ndiponso kuti batire lachiwiri limatchajidwa dzulo lake chifukwa magetsi salonjeza. Mudzaonanso mmene amalankhulira ndi kasitomala amene akufuna zithunzi zonse mawa koma ndalama yotsala akuti kumapeto kwa mwezi.

Poyeserera m'misewu, pemphani musanajambule munthu. Amayi a mumsika mukawagula tomato kaye n'kucheza nawo, ambiri amalola, ena mpaka amakonza duku. Mukangowatomola, mudzamva mawu amene sindingalembe pano. Ana a eni, pamaliro ndi pa gule wamkulu, funsani akuluakulu kaye. Malo a asilikali ndi apolisi apitirireni foni ili m'thumba.

Muli ndi mwayi kuti muli ku Zomba: phiri lili pakhomo, nkhungu ya m'mawa m'miyezi ya June ndi July, nyumba zakale za nthawi imene mzindawu unali likulu. Koma yambani ndi zisanu za Loweruka zija. Mukazijambula munditumizire pa imelo yomweyi, osazikonza, ndipo ngati zidutsa pa WhatsApp muzitumize ngati document kuti zisaphwanyike. Mundiuzenso kuti mwa zisanuzo inu mwakonda chiti, ndisanakuuzeni changa.