Mlongo ndani, ndipo nsima ikapsa yatani?

Funso: Ndife gulu la achinyamata ndipo tikujambula filimu yoseketsa. Ndi nkhani ya ana atatu a bere limodzi, mnyamata mmodzi ndi atsikana awiri, amene mayi awo awasiyira kalesitilanti pamsika, ndipo aliyense akuti katswiri wa mphika ndi iyeyo. Takangana pa zinthu ziwiri. Mtsikana akamanena za mnyamatayo, azinena kuti "mlongo wanga" kapena "mchimwene wanga"? Ena akuti mlongo ndi munthu wamkazi basi. Chachiwiri, nsima ikawonongeka ndi moto, tinganene kuti "yapsa"?

Yankho: Amene akuti mlongo ndi wamkazi basi aphonya. Mawuwa amayang'ana anthu awiriwo, osati mmodzi. Kwa mwamuna, mlongo wake ndi wamkazi. Kwa mkazi, mlongo wake ndi wamwamuna. Choncho mtsikana wanuyo akati "mlongo wanga" sanalakwe, ndipo mnyamatayo akhoza kumutchula chimodzimodzi. Amene sangatchulane mlongo ndi atsikana awiriwo. Iwo aziti "mkulu wanga" ndi "mng'ono wanga", kapena "mphwanga". Chisokonezochi ndimachiona kwambiri mwa ana a m'tauni, amene amaganiza kuti Chichewa chimagawa abale mmene chimagawira Chingerezi.

"Mchimwene" ndi "mchemwali" tinabwereka ku Chiyao. Mukumva "che" waulemu uja amene anthu a ku Mangochi ndi ku Machinga amaika patsogolo pa dzina la munthu. Mawu awiriwa anakhazikika kalekale ndipo sindiwadandaula. Mufilimu yanu angakuthandizeninso, chifukwa "achimwene" wonenedwa mokoka ndi mtsikana amene wagwira m'chiuno amaluma kuposa "iwe".

Komabe "mlongo" musamutaye. Kwa Achewa, mlongo wamwamuna ndiye mwinimbumba, ndiye atsibweni a ana a alongo ake, ndipo pakagwa nkhani ndiye amaitanidwa. Mnyamata wanuyo ali ndi poimira akamadzitama kuti lesitilantiyo ayendetse ndi iye. Mlongo wake akhoza kungomuyankha kuti, "Mbumba ndi yanu, achimwene, koma mthiko ndi wanga."

Tsopano za kupsa, ndipo apa ndipo pali nthabwala imene mwatsala pang'ono kuiponda osaiona. Mayi akakuwa kuti "Nsima yapsa!" palibe amathamangira madzi ozimitsira moto. Anthu amasamba m'manja. Chakudya chikapsa ndiye kuti chafika podyeka. Mango akapsa amathyoledwa, mowa ukapsa umamwedwa. Koma nyumba ikapsa ndi tsoka, ndipo munthu akapsa mtima mutalikireni. Mneni ndi mmodzi yemweyo, chimene chikupsacho ndicho chimatiuza ngati tisangalale kapena tilire. Chakudya chowonongeka ndi moto timati "chapserera", ndipo chikada bii ngati khala timati "chanyeka".

Taganizani mnyamata uja ali kutsogolo, akuseka ndi makasitomala, wasiya mphika pambaula. Wamng'ono mwa atsikana aja akusuzumira pakhomo n'kunena motsitsa kuti, "Achimwene, nyemba zanu zapsa." Iye akuyankha monyada, "Pakulani!" Mtsikanayo sananame kwenikweni, wangosiya "-erera" dala. Utsi ndiwo umalize chiganizo.

Chimodzi ndikupempheni: musalole "kuphika" kugwira ntchito yonse. Anthu okangana za mphika sayankhula choncho. Nsima imayamba ndi phala, kenako amathira ufa n'kuvundula ndi mthiko, ikapsa amaomola ndi chipande. Ndiwo amapakula. Mtedza amakazinga, chimanga chachiwisi amawotcha pamakala, nkhwani amatendera ndi nsinjiro, ndipo masamba osungira chilimwe amafutsa kuti akhale mfutso. Mkulu wa atsikanawo akamva mlongo wake akuti "ndaphika mtedza" pamene waukazinga, ali ndi chomusekera tsiku lonse, chifukwa mtedza wophika ndi wina, wauwisi wowiritsa ndi makoko ake omwe.

Ndipo ngati mukufuna chinthu choti atatuwo alimbirane ngati ana, si ndalama za m'kabati ayi. Apatseni nkhoko, zija zimakanirira pansi pa mphika wa nsima. Amene anakulira pa banja la ana ambiri akudziwa kuti mphika umenewo sunkaperekedwa mwamtendere.