Bwalo la rugby likakhala pululu: yankho kwa bambo a ku Luchenza

Imelo yanu, achimwene, ndinaiwerenga nditabisala mvula pakhonde la golosale pa Chitakale, ndipo sabata yonseyi sinandichoke m'mutu. Kuti enanu mumve bwino, bambo ena a ku Luchenza andilembera kuti: "Mwana wanga wayamba rugby kusukulu ku Blantyre. Nditapita kukamuchemerera, oonerera tinali ochepa kuposa osewera. Pa kanema ndaonanso matimu a ku Joni akusewera bwalo lili pululu, chonsecho dziko lawo ndiye akatswiri. Kodi masewerowa akutha? Mwanayu ndimuletse? Nanga n'zoona kuti a Zimbabwe akupita ku World Cup?"

Lomalizalo silivuta. N'zoona. Mu Julayi 2025 ku Kampala, timu ya Zimbabwe, yomwe amaitcha Sables, inagonjetsa Namibia 30-28 ndipo idzasewera nawo World Cup ya 2027 ku Australia. Anapitako komaliza mu 1991, ndiye mutha kuona kuti adikira zaka zingati.

Tsono ku nkhani ya bwalo lopanda anthu. Ndiyambe ndi zomwe ndinaona ndi maso anga. Pa 28 Okutobala 2023, usiku wa fainolo ya World Cup ya rugby pakati pa South Africa ndi New Zealand ku Paris, tinachita kumuchonderera mwini wa vidiyo shoo kuno kuti mpira wa ku England ukatha asazimitse jenereta. Fainoloyo inayamba 9 koloko usiku. Ambiri anatuluka, koma anyamata ena a kabaza anatsalira poti ndalama anali atalipira kale. Poyamba kunali kuseka kokhakokha. "Mpira wanji wooneka ngati papaya?" "Bwanji akuponyera kumbuyo pomwe akupita kutsogolo?" Ndinayamba kuwafotokozera pang'onopang'ono: mbali iliyonse ndi anthu 15, ndi manja sungapatsire mnzako amene ali kutsogolo kwako, ukakagunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani ndi mapointi 5, ukaumenya ndi mwendo pa penate n'kudutsa pakati pa mitengo iwiri italiitali ya pagolo ndi 3. Kaputeni wa New Zealand, Sam Cane, atapatsidwa khadi yofiira, kuseka kunachepa. Mphindi zomaliza munali zii, mnyamata wina atagwira kumutu ngati wabetcha ndalama ya lendi. Inatha 12-11, mapointi onse a South Africa atamenya Handré Pollard. Tikutuluka, yemwe ankaseka kwambiri uja ndiye anandifunsa kuti useweredwanso liti.

Ndiye musadandaule kuti masewerowa ndi osakoma. Munthu akangodziwa chimene refa waimbira, sadzuka pa benchi.

Za ku Joni zija, onetsetsani kuti ndi mpira uti womwe munaona. Ma Springboks, timu ya dziko, akamasewera kwawo matikiti amavuta kupeza. Atenga chikho cha dziko lonse kanayi, 1995, 2007, 2019 ndi 2023, ndipo kuyambira pomwe Siya Kolisi, mwana wa ku komboni ya Zwide, anakhala munthu wakuda woyamba kuitsogolera, ngakhale abale athu ogwira ntchito m'magaladeni ku Joni amavala jezi yobiriwira ija. Pululu amakhala pa mipira ya matimu a m'zigawo. Bwalo la Ellis Park ku Johannesburg, komwe Nelson Mandela anapereka chikho kwa kaputeni Francois Pienaar mu 1995, mumalowa anthu oposa 60,000, ndiye ngakhale mutabwera chikhamu chomwe kuno tingati chadzaza, pa kanema chimangooneka ngati nyemba zochepa m'lichero. Komanso kuyambira 2021 matimu anayi akuluakulu, Bulls, Lions, Sharks ndi Stormers, anasiya kupikisana ndi a ku New Zealand ndi Australia n'kulowa ligi ya United Rugby Championship, momwe muli a ku Ireland, Wales, Scotland ndi Italy. Sapota wa ku Glasgow sangakwere ndege kudzachemerera mpira wa mphindi 80, ndipo wa ku Pretoria alibe chifukwa chakale ndi timu ya ku Italy choti chimudzutse pampando. Akatswiri ena omwe anthu amafuna kuwaona, monga Cheslin Kolbe ndi Faf de Klerk, anapita kukasewera ku Japan komwe kuli ndalama. Onjezeranipo mtengo wa tikiti, mafuta a galimoto, ndi kanema amene akukuonetsa zonse uli pa sofa.

Ku England zinafika poipa. Matimu atatu, Worcester ndi Wasps mu 2022, kenako London Irish mu 2023, anagwa ndi ngongole, ligi n'kutsala ndi matimu 10 kuchoka pa 13. Ya Wasps imandikhudza kwambiri, chifukwa mu 2014 eni ake anaisamutsira ku Coventry, kutali ndi anthu amene anakula nayo. Tangoganizani wina atanyamula Maule kukawakhazika ku Karonga, n'kumadabwa kuti a ku Ndirande sakubwera.

Kwathu kuno vuto lake ndi lina, ndipo ife a ku Mulanje ndi Thyolo tikulidziwa bwino kuposa ena. Rugby inabwera ndi azungu ndipo inakhala kuseri kwa mpanda, m'makalabu awo ndi m'sukulu za ana awo. Bambo anga anali kapitawo pa esiteti ina ya tiyi. Ndili mwana ndinkadutsa pafupi ndi kalabu ya mabwana ndikamawaperekera chakudya, kapinga wake wometedwa bwino ngati mphasa, ndipo tsiku lina ndinaima pa mpanda wa maluwa kuonerera azibambo akuluakulu akugwetsana m'matope. Mlonda sanandikalipire, anangondikodola ndi ndodo kuti ndizipita. Madzulo ake tinakamenya chikulunga chathu cha mapepala a shuga pa bwalo la fumbi, mudzi wonse ukuonerera. Mpira wa miyendo unatuluka msanga kupita m'sukulu za mishoni, m'malaini a antchito ndi pa wailesi. Rugby palibe anaitulutsa. Lero tikadandaula kuti anthu sakubwera, tizikumbukira kuti makolo awo sanaitanidwepo.

Ena amati ndi umphawi. Inde, munthu wothyola tiyi amene akuwerengera makilo ake podikira malipiro sangawononge thiransipoti ya ku Blantyre chifukwa cha masewero omwe sakuwadziwa, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma munthu yemweyo, Maule ndi Manoma akamakumana pa Kamuzu Stadium, amakongola ndalama n'kukwera minibasi m'mawa. Bonanza ya m'mudzi anthu amakwera m'mitengo ya mango. Porters Race ikafika, ku Likhubula kumadzaza anthu odikira kuona ana a kwawo akutsika phiri, chifukwa wothamangayo amamudziwa ndi amayi ake omwe. Ndipo taonani Madagascar, dziko losauka ngati lathu lomweli. Kumeneko rugby ndi masewero a anyamata a m'makomboni a ku Antananarivo, ndipo mu 2012 timu yawo, Makis, itagonjetsa Namibia 57-54, bwalo la Mahamasina linali lodzaza kuti tho. Anaiphunzira kwa Afalansa monga ife tinaionera kwa Angelezi, koma iwo anailanda n'kuisandutsa yawo. Chimenechi ndiye chimandipweteka, chifukwa mphamvu tili nazo. Mnyamata amene amatsika m'phiri ndi matabwa pamutu, kapena wopalasa kabaza ya matumba awiri a chimanga kuchokera ku Limbuli, angalephere kukankha pa sikramu, pomwe osewera a mbali ziwiri amakolekerana n'kumakankhana polimbirana mpira?

Chimene chingasinthe zinthu si kumanga mabwalo. Ndi mpira umodzi pa sukulu ya pulayimale, mphunzitsi mmodzi wodziwa malamulo, ndi munthu woti aime ndi chimkuzamawu pa mpira uliwonse kumafotokoza m'Chichewa chimene refa waimbira. Rugby ya anthu 7 mbali iliyonse ndiye ingatiyenere poyambira: chigawo chimodzi ndi mphindi 7 zokha, kuthamanga n'kochuluka, ndipo sukulu zingapo zitha kumaliza mpikisano tsiku limodzi. Ili pa Olympics kuyambira 2016, pomwe Fiji, tizilumba ta anthu osakwana miliyoni imodzi, inatenga golide. Aiike Loweruka mpira wa miyendo usanayambe, anthu ali kale pa bwalo, muone ngati sakuwa.

Za mwana wanu, ine ndikuti musamuletse, koma musangomusiyanso. Kugundana kwa rugby si kwamasewera, ndipo choopsa kwenikweni ndi kumenyetsa mutu. Kaonaneni ndi kochi wake, mumufunse ngati amawaphunzitsa kagwetsedwe koyenera, kugwira m'chiuno ndi m'miyendo osati m'khosi. Mugulireni kotchingira mano kaja. Akagunda mutu n'kumva chizungulire, kusanza kapena kuiwala zomwe zachitika, atuluke pompo ndipo akaonedwe kuchipatala, ngakhale iye alire kuti ali bwino. Ang'ono ake ayambe ndi ija yosagwetsana, yongosololana timalamba ta m'chiuno.

Munalemba kuti tsiku lija mnyamatayo ankangocheukira komwe munaima. Ulendo wina mutenge amayi ake, azichemwali ake ndi amalume ake, muwauziretu m'minibasi kuti mpirawu umaponyeredwa kumbuyo. Mundilemberenso tsiku lake. Ndidzakwerera pa Chitakale, mudzandipeza ndakusungirani malo tikafika pa Luchenza.