Za thovu zija, ndi njinga yako yachiwiri

Eee msuweni, ukundimva? Ndili pa Kamwendo pano, za phokoso la maminibasi upirire. Funso lako ndaliona mu gulumu, akuti "za thovu ukuphunzirazo nzochapira zovala kapena?" Hahaha iwe. Chiyambire sunafunsepo za sukulu yanga, lero wagona pa mzere wa petulo ku Kasungu ndiye wandikumbuka eti? Ndakumva kumene ukulowera, dikira.

Si zochapira zovala ayi, nzotulutsira mafuta opangira petulo pansi pa nthaka. Mafuta ena pansipo ngolemera, onanda ngati uchi wa mu June, ena ngati phula lenileni. Ku Venezuela chigawo cha Orinoco ndi ku Alberta ku Canada ndiye kuchimake. Ndipo sakhala m'dziwe ayi, amakhala m'timabowo ta mwala. Ukapopera madzi pansipo kuti awakankhe, madziwo poti ngopepuka amangoboola kanjira kamodzi n'kuthawira kuchitsime china, mafuta osasuntha.

Ukukumbuka dimba la amalume ku Bua? Chaka chija agogo anathyoka mwendo, atangogula thiredo pampu ndi ndalama za mtedza. Tinkapalasa kuyambira mbandakucha mosinthana, iwe n'kumanamizira mutu tsiku lililonse, usakane, koma madzi osafika kumabedi a tomato akumapeto... ayi pepa, anali anyezi, tomato anali chaka chinacho. Amalume masiku atatu akulimbana ndi pampu, kumasula, kusintha labala, kumanganso, mpaka anakwera njinga kupita ku boma kukakalipira wogulitsa, azakhali uku ayamba kale zoti pali munthu waponda m'dimbamo usiku. Tsiku lachinayi anatiletsa kulankhula, anavula nsapato n'kumayenda pang'onopang'ono m'ngalande akumvetsera, kenako anagwada, mkono wonse mpaka m'phewa unalowa pansi. Una wa mfuko! Madzi onse tinkakhetsera thukuta aja amabwerera kumtsinje. Anatsekapo ndi chiguduli ndi dothi la pachulu, osanena kanthu, madzulo ake anyezi onse anamwa. Munthu uja ndimamusowa, aaa.

Ndiye ntchito yathu ndi yomweyo, kungoti una wake uli pansi penipeni, sungaufikire ndi mkono. Timapoperamo zinthu ziwiri, mankhwala otchedwa polima ndiponso thovu lija. Polimayo ndi ufa, dzina lake polyacrylamide, ukausungunula madzi amananda ngati a therere, amayenda modekha n'kumakankha mafuta mbali zonse. Ku Daqing ku China akhala akuchita zimenezi mwaunyinji kuyambira 1996. Thovu ndiye chiguduli cha amalume, timasakaniza gasi kapena nthunzi ndi sopo wake wapadera, limakadzaza njira zikuluzikulu zija, zotsatira m'mbuyo n'kupatukira kumene kwatsalira mafuta. Vuto lake thovu likakumana ndi mafuta limaphwa, waonapo ukamatsuka poto wa nyama ya nkhumba... kaya unatsukapo. Kutentha ndi mchere nazonso zimalipha. Apa ndi pomwe ine ndikugwira, timathiramo fumbi la silica, la mchenga tinene, kanthu kosapitirira ma nanomita 100, pomwe tsitsi limodzi kunenepa kwake ndi ma nanomita masauzande makumimakumi. Tinthu timeneti timakamatirira pakhungu la thovulo kuti lisaphulike msanga. Zambiri zikadali mu labu, koma ukaona thovu likukhalitsa m'botolo mtima umagunda, zoona.

Tsono chimene umafunsa chenicheni, mayi anandiuza za ngongole ya njinga yamoto yachiwiri ija. Usaitenge podalira kuti mafuta atsika chifukwa cha zimenezi. Izi nzokolola zotsalira m'zitsime zakale za eni ake, ife Malawi tilibe chitsime ngakhale chimodzi chotulutsa mafuta, athu amabwera oyengedwa kale kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amafuna madola. Mzere wagonapowo ndi wa madola, thovu langa silikuufika.

Ukumva? Werengera kabaza wako ndi mtengo wa pa pampu wa lero, uwerengerenso masiku amene njinga imangoima. Za ine usaziikemo.

Dikira, kondakitala akundiitana... eya, ndikubwera! Ndiye ndabwereza msuweni, ngongoleyo usasayine poyembekezera sukulu yanga. Loweruka ndibwera tikhale pansi ndi kope lako lija. Uwapatse moni alamu.