Achimwene, yambani ndi Maps

Achimwene, pa zimbale za hip hop ya underground (yosatchuka kwambiri pa wayilesi) zomwe mwandifunsazo, yambani ndi Maps cha billy woods ndi Kenny Segal, cha 2023. Pa mabiti opanda mawu, tengani Sound Ancestors cha Madlib cha 2021, chomwe anasanja ndi Four Tet.

Maps ndinachimvetsetsa bwino m'mwezi wa Juni, m'mawa wa chifunga ndikuyenda wapansi kuchoka ku Chibavi kupita m'tauni ku Mzuzu, manja m'thumba chifukwa cha chisanu. Woods amarapa za munthu wokhalira paulendo, wogona m'mahotela, wosowa kwawo. Sathamanga, ndipo ng'oma za Segal nthawi zina zimachita ngati zatsalira m'mbuyo dala. Ulendo woyamba mwina mudzaona ngati palibe chikuchitika. Chipatseni masiku atatu, ndithu chidzakugwirani.

Sound Ancestors ndimayika usiku magetsi akazima, foni ili pa mkeka, ine ndikulemba mavesi m'kope. Mabiti ake amasiya mpata woti munthu alowetsepo mawu ake. Mukachikonda, bwererani ku Donuts cha J Dilla cha 2006. N'chakale inde, koma anyamata ambiri opanga mabiti anaphunzira kumeneko kudula masampo, tizidutswa ta nyimbo za ena topangira biti yatsopano. The Elephant Man's Bones cha Roc Marciano ndi The Alchemist, cha 2022, nachonso musachiphonye.

Koma popeza mwati mukufuna kujambulirapo nyimbo zanu, chonde musatulutse kapena kupititsa ku wayilesi nyimbo ya pa biti ya mwini musanapemphe chilolezo. Kafunseni kaye a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso ku Malawi, kapena loya wodziwa za umwini wa nyimbo.